Zenera lachitatu kuchokera pakhomo

Akonzi,

Mwezi wa June chaka chatha ndinapita kumaliro ku Machinjiri. Pochokera kumanda ndinasiyana ndi anzanga n'kudzera njira yachidule, ndipo ndinangozindikira ndaima pageti pa sukulu yogonera konko imene ndinaphunzirako kuyambira Fomu 1 mpaka Fomu 4. Geti lenilenilo palibe, patsala zipilala ziwiri. Pabwalo lomwe tinkafola m'mawa wina analimapo chimanga, mapesi ali chiimire. Ndinatulutsa foni n'kuyamba kujambula.

Posakhalitsa kunatulukira mlonda, bambo wachikulire, chibonga chili m'manja.

"Mukujambula chiyani, bwana? Kapena ndinu ogula malo ano?"

"Iyayi madala, ine ndinkagona muno."

Anaseka n'kupukusa mutu. "Ndiye mwachedwatu. Magalasi anapita kalekale, zitsulo zinatsatira. Ine pano ndikungolondera njerwa."

Nditafika kwathu ku Ndirande usiku umenewo ndinaona kuti zithunzi zanga pafupifupi zonse zinali za mazenera okhaokha.

Ana a masiku ano mwina sadziwa mmene sukulu zoterezi zinabadwira. Mu 1994 boma la a Bakili Muluzi linayambitsa maphunziro aulere a kupulayimale, ndipo chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Ine ndinali m'khamu limenelo. Titakhoza mayeso a Sitandade 8, malo m'sekondale za boma monga Blantyre Secondary School, yomwe inatsegulidwa mu 1940, anali ochepa kwambiri. Mu 1998 boma linali litasandutsa ma DEC kukhala ma CDSS, koma ana ambiri ankatsalabe. Apa ndi pomwe sukulu zapulaiveti zinamera ngati bowa m'matauni mwathu. Zina zinakula ndipo zilipo mpaka lero. Zina zinafa pamodzi ndi eni ake. Yathu, malinga ndi mlonda uja, inatsekedwa mwini wake atamwalira, ana ake atakanika kugwirizana za katundu.

Zenera limene ndinalijambula kwambiri ndi lachitatu kuchokera pakhomo la hositelo ya anyamata. Bedi langa linali pansi pake. Loweruka lomaliza la mwezi ndinkakhala pamenepo kuyambira m'mawa, maso ali kunjira. Mayi anga ankagulitsa tomato mumsika wa Ndirande, ndipo fizi yanga inkachokera m'milu ya tomato imeneyo. Ankatulukira cha m'ma 2 koloko masana, kaphukusi kali pamutu: chigumu, kabotolo ka chiponde, nthawi zina usipa wokazinga wotipumitsa ku nyemba zofumbwa. Ndikangoona chitenje chawo pakona, njala ya mwezi wonse inkatha. Tsiku lina mvula inagwa yamphamvu ndipo ndinataya mtima. Anafika dzuwa litalowa, atanyowa chiphwe, n'kugogoda pagalasi lomwelo: "Mwanawe, landira msanga, minibasi zindithera." Mayi anatisiya zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Pazenerapo lero pali chibowo chabe, ndipo chisoso chamera pomwe ndinkatsamira zigongono.

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikufunafuna sukulu zina zosiyidwa. Ndapeza imodzi cha ku Bangwe ndi ina kumtunda kwa Chilomoni. Ndaphunzira kuti nyumba yosiyidwa imayamba kufera pazenera. Galasi limodzi limasweka ndi mwala wa mwana, palibe wobwezeretsa. Anthu amadziwa kuti palibe mwini. Magalasi otsala amachotsedwa usiku, zitsulo zimapita kwa ogula zitsulo zakutha, mafelemu amazulidwa. Kenako mvula imalowa, chiswe chimakwera kumitengo ya denga, malata amatsatira. Ku Bangwe ndinapeza zenera lotsekedwa ndi thumba la feteleza, m'kati mukutuluka utsi: banja lina lapezamo pogona. Ku Chilomoni, pasimenti ya zenera la hositelo ya atsikana, pali mayina olembedwa ndi msomali, ena ndi chaka chimene analemba MSCE. Ndinaima pamenepo kwa nthawi ndithu, ndikudzifunsa kuti atsikana amenewo ali kuti lero.

Poyamba zithunzizi zinkangondipatsa chisoni, chisoni chokoma cha munthu wokumbuka ubwana. Kenako chisonicho chinasanduka manyazi. Mwana wa mlongo wanga ali Fomu 2 pa sukulu ina yoyendera. Amadzuka kusanache kukatunga madzi, amayenda mtunda wautali, ndipo pobwerera amapeza mbale ndi ana akumudikira. Magetsi akazima, kuwerenga kwathera pomwepo. Anzake ena amachita lendi timazipinda pafupi ndi sukulu, kumene amadziphikira okha popanda wamkulu wowayang'anira, ndipo tonse tikudziwa zimene zimagwera atsikana m'malo otere. Pamene iwo akusowa pogona, nyumba zokwana mabedi makumimakumi zikudyedwa ndi chiswe m'tauni momwemuno. M'mwezi wa March 2023, namondwe Freddy atagumula nyumba ku Chilobwe ndi madera ena, anthu anathawira m'makalasi ndipo maphunziro anaima. Nthawi yomweyo mahositelo amenewa anali chikhalire, opanda mazenera, osathandiza munthu aliyense.

Ndikudziwa kuti nkhaniyi si yapafupi. Malo ambiri otere ali ndi eni ake, ena ali m'ngongole, ena milandu yake ili kukhoti. Koma kukambirana sikuphwanya lamulo. Khonsolo ya mzinda wa Blantyre, mipingo, mafumu ndi makomiti a sukulu angathe kuwafikira eni malo n'kumvana zobwereka nyumba imodzi yokha yoti atsikana a pa CDSS yapafupi azigonamo, ali ndi mayi wowayang'anira. Mwini malo angapindule, popeza nyumba yokhalamo anthu siigwa msanga.

Ndinatumiza zithunzi zija pagulu la WhatsApp la amene tinaphunzira limodzi. Anthu anakumbutsana za nyemba, za belu la gudumu la galimoto, za mphunzitsi wa masamu. Nditafunsa ngati tingasonkhe ndalama zogulira magalasi a nyumba imodzi, gulu lonse linati zii. Ife omwewo tikamva maliro timasonkha tsiku lomwelo. Patapita masiku atatu anthu anayi anandiyankha kumbali, ndipo mwezi wamawa tikukaonana ndi mwana wamkulu wa malemu mwini sukulu. Mwina akatikana. Tikapitabe.

Inu amene munagonapo pa sukulu ina iliyonse, kaoneni ngati zenera lanu likadalipo. Langa ndaliyeza kale ndi chingwe, ndipo mmisiri wa ku Ndirande wandiuza mtengo wake. Ndi wochepa poyerekeza ndi tomato amene mayi anga anagulitsa kuti ine ndigone pansi pake.

Wowerenga wanu,
Ndirande, Blantyre