Chikwapu Chimene Ndimanong'oneza Nacho Bondo

Adzukulu anga, m'chaka cha 1995 nyanja ya Chilwa inaphwa, mabwato n'kutsala ali gone pamatope ku Kachulu. Chaka chomwecho mnyamata wina wa Sitandade 8, mwana wa msodzi, analemba m'chimangirizo kuti bambo ake anapeza mlamba m'matope, "and he picked up it." Ine ndinamukwapula osamufotokozera kanthu.

Lamulo lake nali. Aneni ena a Chingerezi amayenda ndi kamawu kothandizira, monga "pick up." Dzina lili ndi ufulu wokhala pakati kapena kumapeto: "pick the fish up," kapenanso "pick up the fish." Mlowam'malo alibe ufulu umenewo, malo ake ndi pakati basi: "pick it up." Koma pa "look after" sangalowe pakati, pakuti "after" ndi mperekezi, ndipo mperekezi amatsogolera mlowam'malo wake: "look after him."

Chondiwawa n'chakuti chinenero chathu chinali nalo kale yankho. Tikati "anautola," kodi mlambawo suli m'kati mwa mneni, mwa "u" uja? Ndikadamuonetsa zimenezi pabolodi, akadamva tsiku lomwelo. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma ine sindinadekhe.

Madzi atabwerera, mnyamatayo anasiya sukulu n'kutsata matemba. Lero ndi bambo wa ana, ndipo tikakumana pamsika amandipatsa moni ndi manja awiri. Inu mukamaphunzitsa ang'ono anu, yambirani pa chimene akudziwa kale.