Citsime ca Cilungamo ndi Mphamvu

Inu anzanga amene mwatsiriza sukulu, ndipo mulikufunafuna nchito muno m'Lusaka, ndifuna kukuuzani za cinthu cimene sicilembedwa pa setifiketi. Ine ndine kalaliki wa Boma; ndinaphunzira pa sukulu ya mishoni kum'mawa, ndipo ndikhala ku Matero. Pa zaka zimene ndakhala mu ofesi ndaona kuti maphunziro ampatsa munthu nchito, koma sampatsa cilungamo cakuigwira bwino, kapena mphamvu yakupirira ndalama zikatha mwezi uli pakati.

Pa 29 December 1991 President Frederick Chiluba analengeza kuti Zambia ndi dziko la Cikristu, ndipo m'caka ca 1996 mauwo analowa m'Malamulo a dziko. Anali mau abwino ndithu. Koma kodi ciphuphu cinatha tsiku lomwelo? Iai. Lamulo liloza njira, koma silitha kusanduliza mtima.

Taganizani za madzi a ku Kanyama. Komboni imeneyi inamangidwa pa thanthwe la ming'alu yambiri, ndipo madzi a pansi ali pafupi. Munthu akakumba pang'ono apeza citsime ca madzi oyera mbee! Koma zonyansa za m'zimbudzi zitsata ming'alu ija ndi kulowa m'citsimemo. Kolera imene inabuka mu October 2017 inasautsa Kanyama kwambiri, kufikira kuti mu January 2018 Boma linatseka misika ina ndi kucedwetsa kutsegula masukulu. Amene anamwa madziwo sanaonemo kanthu ndi maso.

Cilungamo cimene munthu adzikumbira yekha ciri cotero. Cioneka coyera pamene zinthu ziri bwino, koma pansi pace pali ming'alu ya njala, mantha ndi dyera. Mai wamasiye wa ku Chawama afika ndi mapepala a nyumba yace, nayembekeza pa benchi masiku atatu. Wina wacuma afika pambuyo, naika envulopu pansi pa mapepala ace, nati, "Bwana, ka cakumwa aka." Kunyumba unga watha, lendi siinalipidwe, mlongo wabwera kucokera kumudzi ndi ana ace. Anzako akunong'oneza kuti mbuzi idya pamene yamangidwa. Pamenepo Cingerezi ndi masamu sizithandiza. Nzeru zomwezo ndizo zifulumira kupeza mau okometsera kuba. Ndipo wolipira mtengo wace ndi mai uja, amene mapepala ace atsikira pansi pa mulu.

Ife Akristu tikhulupira kuti mwini cilungamo ndiye Mulungu, amene atipatsa ico kwaulere mwa Yesu Kristu, osati monga malipiro a nchito zathu. Mneneri Yesaya, m'mutu 45, anachula cilungamo ndi mphamvu pamodzi, nazipeza zonse ziwiri mwa Yehova. Ndiyesa anatero cifukwa kudziwa cabwino kopanda mphamvu yakucicita kungomsautsa munthu, ndipo mphamvu yopanda cilungamo iononga anansi. Nthawi zimene dzanja langa lakankha envulopu ndi kuibweza, sindinganene kuti ndinali wolimba mtima koposa anzanga. Ndinali nditapempha thandizo m'mawa mwace, ndipo ndinalandira.

Amene anandiphunzitsa zimenezi koposa mabuku ndiwo amai a m'makomboni. Ku Kalingalinga ndinaona amai akuswa miyala m'mbali mwa mseu dzuwa lonse, kuti ana adye ndi kupita kusukulu. Ndaonanso amai a Cigwirizano acezera usiku wonse pa maliro a mlendo wopanda mbale m'tauni, atasonkha unga ndi makala mwa umphawi wao. Ambiri a iwo sanafike patali ndi sukulu, koma mukawafunsa kumene acotsa mphamvu, sachula dzina lao.

Musaganize kuti cilungamo cilemeretsa msanga. Mudzaona wolungama akalamba m'nyumba ya zipinda ziwiri ku George, pamene wakuba amanga nyumba yaikuru. Musaganizenso kuti pemphero lilowa m'malo mwa nchito. Wopemphera ayenerabe kuwiritsa madzi ace, kufika mu ofesi pa nthawi yace, ndi kuwerenga bwino ndalama za Boma.

Cifukwa cace, anzanga, tsiku limene mudzalandira kalata ya nchito, kondwerani. Koma musadikire envulopu kuti muyambe kufunafuna Mulungu. Citsime sacikumba nyumba ikupsa.