Mayina anali m'manja mwathu

Sabata yathayi ndinalowa m'kachipinda ka makompyuta kuntchito kwathu n'kupeza kuti pashelefu yapansi pangotsala malo oyera amakona anayi pakati pa fumbi. Kabokosi kotuwa kamene kanakhala pamenepo zaka zambirimbiri, kakung'ung'udza usana ndi usiku, kanali katachoka. Nditafunsa mnyamata amene anayamba ntchito chaka chatha, anandiyankha maso ali pa foni: "Kaja, bwana? Tinakazimitsa. Palibe amene amakafunsanso kanthu, makina onse tinawalozera ku 8.8.8.8." Sindinatsutse, pakuti ankanena zoona. Koma kabokosiko kanali seva yathu ya mayina, ndipo ine ndi anzanga amsinkhu wanga ntchitoyi tinaiphunzirira pa timabokosi ngati timeneti.

Ntchito yake inali imodzi. Kompyuta sidziwa mayina, imadziwa manambala okha. Munthu akalemba dzina la banki yake kapena la nyuzipepala, makina ake amayamba afunsa seva ya DNS kuti dzinalo lili pa nambala iti. Seva ikakhala kuti sikudziwa, imakafunsa kwa zinzake zakutali, ndipo ikalandira yankho imalisunga kwa kanthawi mu cache kuti wofunsa wina asadikirenso. Vuto limabwera ikasunga bodza. Aliyense wofunsa amapatsidwa bodza lomwelo, n'kukapereka dzina ndi nambala yake yachinsinsi kwa wakuba akuganiza kuti wafika ku banki.

Ine zimenezi sizinandivute kumva, chifukwa ndinakula ndikuona munthu akuzichita ndi manja. M'zaka za m'ma 1980 azakhali anga anali opareta wa lamya pa boma kwathu, m'kachipinda ka kuseri kwa positi ofesi. Ndikaweruka kusukulu ndinkawapititsira nsima, n'kukhala pa benchi kuyang'ana akuzula ndi kubaya zingwe pa bolodi lodzaza timabowo. Buku la manambala linalipo, lalikulu, ngodya zake zitapindika ndi thukuta la zala, koma sankalitsegula kawirikawiri. Oimba sankatchula nambala. Ankangoti, "Mayi, tipatseni kwa a DC," kapena "kuchipatala," kapena "kwa abusa," azakhali n'kubaya chingwe pamalo pake osayang'ana n'komwe. Nambala yachilendo ankaifunsa ku Blantyre, n'kuilemba ndi pensulo pa kapepala komata kukhoma kuti mawa asafunsenso.

Tsiku lina ndili pomwepo, munthu wina anaimba n'kunena kuti ndi wa ku ekisichenji ya ku Blantyre, nambala ya ofesi inayake yasintha, alembe yatsopano. Azakhali anamumvetsera mpaka anamaliza. Kenaka anati, "Pepani bambo, a ku Blantyre onse ndimawadziwa mawu. Inu ndinu ndani?" Uja anadula. Iwo anangotembenukira kwa ine n'kuti, "Iwe, tavundukula mbalezo, ndiwo zikuzizira." Kwa iwo sinali nkhani yoti n'kukafotokoza kunyumba. Seva zimene ndinadzagwira nazo ntchito nditakula zinatengera luso la azakhali losunga manambala pamtima, koma khutu lawo lozindikira mawu sizinalitengere.

Mbiri yake tonse timaidziwa mwapatalipatali. Poyamba mayina onse ankakwana mu fayilo imodzi yotchedwa HOSTS.TXT imene inkasungidwa ku California, ndipo itayamba kuchepa, Paul Mockapetris anakonza DNS mu 1983. Anthu a pa netiweki nthawi imeneyo anali ochepa, ambiri a m'mayunivesite, odziwana okhaokha, choncho za loko sanaziganizire kwenikweni. Chitetezo chinali kanambala kamene seva imalemba pa funso lililonse. Yankho loyamba kufika lili ndi nambala yofanana, imalikhulupirira. Ndipo manambala otheka alipo 65,536 basi. Zizindikiro zinalipo. Mu 1997 Eugene Kashpureff anapatutsa anthu opita ku InterNIC, kolembetsera mayina, n'kuwatumiza ku AlterNIC yake ponamiza seva za anthu ena. Ife kuno zimenezo tinkangozimva mphekesera, pakuti chaka chimenecho tinali tikadalimbana ndi kupeza intaneti yeniyeniyo, ndipo ambiri imelo tinkangoimva kuti ili ku Chancellor College.

Zaka zimene ndimazikonda ndi za pakati pa 2003 ndi 2009. Ma internet café anali atadzaza mu Limbe ndi mu Blantyre, anthu akulipira pa miniti, maso ali pa wotchi. Intaneti yathu yonse inkadutsa pa setilaiti, ndipo funso lililonse lopita kunja linkatha kuposa theka la sekondi kuti lipite ndi kubwerera. Tsamba limodzi likakhala ndi mayina khumi oti afunsidwe, kasitomala ankayamba kugogoda tebulo. N'chifukwa chake ofesi iliyonse yodzilemekeza inali ndi seva yakeyake ya mayina. Tinkatenga kompyuta yakale imene akaunti aikana, n'kuikamo FreeBSD kapena Linux ndi pulogalamu ya DNS yotchedwa BIND, n'kuikankhira pansi pa shelefu pafupi ndi UPS. Amene anachita mwayi wopita ku maphunziro a AfNOG ankabwera ndi manotsi, ife n'kumawachita fotokope mpaka zilembo kufufutika. Mayina a .mw ankayang'aniridwa ku SDNP, kwa a Dr Paulos Nyirenda, ndipo ukakhala ndi vuto unkadziwa khomo loti ukagogode. M'dziko lonse anthu ogwira ntchito imeneyi tinali oti tikhoza kukwana mu holo imodzi yaing'ono, ndipo aliyense ankadziwa seva ya mnzake ndi nambala yake pamtima.

Kenaka kunabwera Julayi 2008. Pa 8, Lachiwiri, patangopita masiku awiri chichitikireni chikondwerero cha ufulu, makampani amene nthawi zonse amapikisana anatulutsa chigamba chomatira bowo la mu DNS tsiku limodzi: Microsoft, Cisco, Sun, ndi a ISC eni ake a BIND. Chinatidabwitsa n'chakuti sananene bowo lenilenilo. Anangoti matani msanga, zifukwa mudzamva mwezi wamawa. Tinamva kuti mnyamata wina wa ku America, Dan Kaminsky, ndiye analitulukira kumayambiriro kwa chakacho, ndipo m'malo mokaligulitsa kapena kudzitama nalo, anakauza katswiri wa DNS, a Paul Vixie. Pa 31 Malichi akatswiri 16 anakumana mobisa ku likulu la Microsoft ku Redmond, n'kusunga chinsinsicho miyezi itatu yathunthu.

Chimene Kaminsky anaona chinali chapafupi mochititsa manyazi. Kale tinkadzitonthoza kuti wakuba akaphonya kulosera nambala ija, ayenera kudikira mpaka yankho loona lifufutike mu cache, mwina tsiku lonse, asanayesenso. Iye anati, nanga bwanji ndikafunsa mayina oti kulibe? Funsani aaa wa pansi pa dzina la banki, kenaka aab, kenaka aac. Dzina lililonse ndi latsopano, choncho seva iyenera kukafunsa kunja, ndipo ulendo uliwonse wakubayo amaithira mayankho abodza ambirimbiri. Likangolowa limodzi, limabwera ndi mawu oonjezera akuti seva yoyang'anira mayina onse a bankiyo ndi iyi, apa n'kupereka nambala ya wakubayo. Zikatero watenga dzina lonse, masamba ndi imelo zomwe. Pa laini yothamanga zinkatheka m'masekondi ochepa.

Chigambacho sichinatseke bowolo, chinangolichepetsa. Seva zambiri zinkatumiza mafunso onse kudzera pa port imodzi yosasintha. Tsopano funso lililonse linayamba kutulukira pa port yosankhidwa mwachisawawa, kotero wakuba ankayenera kulosera zinthu ziwiri nthawi imodzi, ndipo mwayi wake unachoka pa umodzi mwa 65,536 kufika pa umodzi mwa mamiliyoni mazanamazana. Nzeru imeneyi sinali yatsopano. Daniel Bernstein anali ataiika kale mu djbdns yake zaka zambiri m'mbuyomo, anthu n'kumamuona ngati wamantha chabe.

Sabata imeneyo chiperoni chinali chitagwira Blantyre. Ndinatsala ndekha muofesi anthu ataweruka, nditavala jekete, ndikudikira BIND yatsopano itsike pa setilaiti, mtima uli m'mwamba kuti magetsi asazime fayilo isanathe. Itatha kulowa, ndinayesa ndi lamulo limene tonse tinaliloweza mwezi umenewo, dig yofunsa porttest.dns-oarc.net. Yankho linabwera ndi liwu limodzi la zilembo zikuluzikulu: POOR. Chifukwa chake chinali mu named.conf, mzere umene unali mu seva zambiri za nthawiyo, wakuti query-source address * port 53. Unkaikidwa kuti firewall isavutike, ndipo tsopano ndi umene unkamanga chigambacho miyendo. Nditaufufuta n'kutsegula ma port pa firewall, ndinayesanso. GOOD. Ndinaimirira n'kuwomba m'manja m'chipinda mopanda munthu, mlonda n'kusuzumira pawindo kufunsa ngati kwagwa zina.

Chimene ndimachikumbukira kwambiri ndi mafoni. Mayunitsi anali odula, koma tinkaimbirana usiku. "Achimwene, mwaika patch?" "Ndaika, koma ikuti POOR." "Onani rauta yanuyo, mwina NAT ikubweza ma port mu mzere." Zinalidi choncho m'maofesi ambiri: seva yamatidwa bwinobwino, koma kabokosi kotchipa ka pakhomo kakusanja ma port aja motsatana, ntchito yonse n'kupita pachabe. Amene laini yake inali yofooka tinkamutumizira fayilo pa flash, kondakitala wa minibasi ya ku Zomba n'kuinyamula m'thumba la malaya. Anthu a makampani olimbirana makasitomala ankauzana zochita osafunsa kuti ndipindulapo chiyani. Ena a seva zotanganidwa anadandaula kuti chigamba choyamba cha BIND chikulemetsa makina, mpaka chachiwiri chinatuluka kumayambiriro kwa Ogasiti. Ena a Windows okhala ndi firewall ya ZoneAlarm anadzuka intaneti itawathawa. Zonsezi tinkazikambirana ndi kuseka komwe.

Chigamba chitatuluka, chinsinsi sichinafike mwezi. Pa 21 Julayi katswiri wa ku Germany wodziwika kuti Halvar Flake analosera molondola, kampani ina ya zachitetezo n'kutsimikiza mwangozi, ndipo patapita masiku ochepa chida chogwiritsa ntchito bowolo chinali mu Metasploit, aliyense akhoza kuchitenga. Mwezi usanathe tinamva kuti seva ina ya AT&T ku Texas yanamizidwa, anthu ofuna Google akutumizidwa kwina. Amene ankazengereza anakumbuka kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Pamene Kaminsky ankaimirira pa msonkhano wa Black Hat ku Las Vegas pa 6 Ogasiti kufotokoza zonse, agogo ake aakazi ali m'gulu la omvera ndi mabisiketi ophika okha, ife tinali titamata kale. Mwezi womwewo Evgeniy Polyakov wa ku Russia anaonetsa kuti ngakhale seva yomatidwa ikhoza kugonja pakatha maola pafupifupi khumi pa laini yothamanga kwambiri. Tinaseka kuti apa ndiye setilaiti yathu yoyenda mwaulesi yatipulumutsa.

Kuchokera apo zinthu zinathamanga. Chingwe cha pansi pa nyanja cha SEACOM chinafika kugombe la kum'mawa kwa Africa mu 2009, cha EASSy mu 2010, ndipo kudikira kwa theka la sekondi kuja kunayamba kutha. Mu Disembala 2009 Google inatsegula seva yake ya mayina ya 8.8.8.8, mu Julayi 2010 muzu wa DNS unasainidwa ndi DNSSEC kuti mayankho azibwera ndi chidindo chotsimikizika, ndipo mu 2018 Cloudflare inabweretsa 1.1.1.1. Mmodzimmodzi anzanga anayamba kuzimitsa timabokosi tawo.

Lero foni imakafunsa yokha mayina kwa kampani ya kutsidya kwa nyanja, nthawi zina mobisa moti ngakhale woyang'anira netiweki saona. Mu 2020 ofufuza a ku University of California, Riverside ndi a ku Tsinghua anaonetsa njira yatsopano yotchedwa SAD DNS, yozindikirira port yobisika ija. Bowo la 2008 linali litatsegukanso pang'ono. Foni yanga sinalire ngakhale kamodzi. Chigamba chinalowa chokha usiku pamodzi ndi zina zambiri, ndipo achinyamata a muofesi sanadziwe n'komwe kuti kunali nkhani. Mukawafunsa kuti dzina limasanduka bwanji nambala, amakuuzani kuti zimangochitika. Kaminsky atamwalira mu Epulo 2021 ali ndi zaka 42, amene tinatumizirana mauthenga tinali ife tomwe a imvi.

Ndisanamizire kuti kale zonse zinali bwino. Seva zambiri za nthawi yathu zinali zotseguka kwa aliyense, zina zinakhala zaka osamatidwa chifukwa woziika anasiya ntchito n'kupita ndi password. Makampani akuluakuluwa ali ndi akatswiri ogona pantchito, makina awo sazima ndi magetsi, ndipo amayi ogulitsa tomato amene akulandira ndalama pa foni ndi otetezeka lero kuposa mmene akanakhalira m'manja mwa kompyuta yokanidwa ndi akaunti. Zonsezo ndikuvomera. Koma dzina likadzanama mawa, mu Limbe muno mulibe munthu woti mudzamuimbire, ndipo amene mungamuimbireyo adzangokuuzani kuti tidikire akonze eni ake. Mu Julayi 2008 eni ake tinali ife. Intaneti ya dziko lonse lapansi inkadikira kuti aliyense amate pake, kuyambira ku Redmond mpaka kwa ife a setilaiti ndi jenereta, ndipo ife pathu tinamata.