Ku Dowa, komwe chiponde ndi mankhwala

Ukachoka ku Lilongwe pa msewu wa M1, n'kukhota cha ku Lumbadzi, minibasi imayamba kukwera zitunda. Umadutsa pa Dzaleka, kenako minda ya chimanga, fodya ndi mtedza mpaka kukafika pa boma la Dowa. Ambirife timalidziwa bomali ndi fodya, koma ine chinanditengera kumeneko n'china. Kuno n'komwe mu 2002, chaka cha njala ija, mabungwe a Concern Worldwide ndi Valid International anayesera kuchiza ana onyentchera ali kwawo, pogwiritsa ntchito chiponde. Pofika 2006 boma linali litavomereza njirayi m'dziko lonse. Ndinkafuna kuona ngati ikuyendabe bwino.

Ndinafika pa chipatala china chaching'ono tsiku la sikelo. Amayi anali atakhala pa khonde, ana kumsana, mabuku a kuchipatala m'manja. Mlangizi wa zaumoyo ankakulunga katepi ka mitundu itatu pa mkono wa mwana aliyense. Kakasonyeza pofiira, kutanthauza kuti mkono sukukwana masentimita 11.5, mwanayo wanyentchera kwambiri. Ankadinanso mapazi ndi chala: pakatsala kadzenje, ndiye kuti mwana watupikana.

Kenako mwana amamulawitsa chiponde. Akadya, mayi amalandira mapaketi n'kubwerera kumudzi, n'kumabwera pa masiku amene wauzidwa. Akakana, kapena ngati akudwalanso matenda ena, amatumizidwa ku wodi ya ana onyentchera, komwe amayamba ndi mkaka wa F-75. Paketi imodzi ya chiponde ndi magalamu 92 okha, koma muli mtedza, mkaka waufa, shuga, mafuta ndi mavitamini.

Nanga tingadziwe bwanji kuti pulogalamuyi ikuyenda bwino? Ukhondo wa wodi paokha sutiuza zambiri. Yankho lili m'kaundula. Muyezo umene mabungwe othandiza anthu amagwiritsa ntchito padziko lonse ndi wakuti mwa ana 100 otuluka mu pulogalamu, ochira apose 75, omwalira asafike 10, ndipo osiyira panjira asafike 15.

Nambala yomalizayo ndi imene inandikhudza, chifukwa imalembedwa ndi msewu. Mu Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zikauma, ndi pomwe ana ambiri amanyentchera. Nthawi yomweyo mitsinje imadzaza, kumunda kumafunika kupalira, ndipo ya kabaza palibe. Mayi amene wayenda maola awiri n'kupeza chiponde chatha, sabata yotsatira sabweranso. Wina amafika nacho kunyumba, koma ana ena atatu akuyang'ana paketiyo ndi njala. Zoona angawamane? Ndiye mwana wodwala uja sikelo yake siikwera.

Choncho poyeza ntchitoyi mafunso ndi osavuta. Kodi chiponde chinasowa masiku angati mwezi wathawu? Mwana akajomba, alipo amene anamulondola kumudzi? Amene anachira, anabwereranso angati atanyentcheranso?

Kafukufuku wa boma wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira. Ana amenewa si achilendo, ndi a achemwali athu ndi a alongo athu omwe. Mukamatumiza ndalama kumudzi pa foni mwezi uno, funsaninso kuti mwana anapita liti ku sikelo komaliza, ndipo katepi kanasonyeza mtundu wanji.