Jekete lili pampando, mwini wake ali kuti?

"Atuluka pang'ono, tadikirani." Mawu amenewa tonse tinawamvapo. Jekete lili pampando, kompyuta ndi yoyatsa, koma mwini wake sakuoneka. Ukabwerako masana akuuza kuti netiweki yavuta, ubwere mawa. Anthu amati umenewu ndi ulesi. Ine ndimaona kuti nthawi zambiri kumakhala kuzemba kwadala, kochita kukonzekera, ndipo wozembayo amakhala ndi zifukwa zake zomveka bwino m'makutu mwake.

Ndimakhala ku Chirimba, kumene m'mawa uliwonse anthu amatsetsereka wapansi kupita ku mafakitale, ena atanyamula chakudya m'kontena. Ndikamacheza nawo, chifukwa chimene amapereka chimakhala chimodzi: "Malipiro ake omwewa ndidziphe?" Sindingawatsutse msanga. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inagwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo ngakhale boma linakweza malipiro otsikitsitsa kuchoka pa K50,000 kufika pa K90,000 mu 2024, mitengo ya ufa, sopo ndi minibasi inali itathawa kale.

Maganizo amenewa sanayambe lero. M'nthawi ya atsamunda, anthu okhala m'maesiteti a ku Chiradzulu, Thyolo ndi Mulanje ankagwira thangata, ntchito yolipirira malo okhala pa dziko la makolo awo. Nkhanza za ku Magomero zinali zina mwa zimene zinautsa John Chilembwe mu Januwale 1915. Kwa munthu wa thangata, kugwira mozengereza kapena kuthawa kumene inali njira yodzitetezera. Thangata linatha, koma kamtima koona ntchito ngati ya mwini kanatsala. Mpaka pano timamva anthu akuti, "Boma si munda wa bambo ako."

Funso langa ndi lakuti, lero ukazemba, amene akumva kuwawa ndani? Mayi anga aang'ono amagwira ntchito yolongedza katundu pa fakitale ina. Anandiuza kuti mnzawo akasowa kwa ola lathunthu ati ali kuchimbudzi, makatoni oyenera kutuluka tsiku limenelo sachepetsedwa. Otsalawo ndi amene amaweruka kutada, n'kumakwera phiri ndi msana wowawa. Bwana phindu lake walipeza ndithu. Nkhuyu zodya mwana zapota wamkulu.

M'maofesi a boma ndiye zimapweteka kwambiri, chifukwa wodikira pabenchi ndi mayi amene wasiya geni yake ya tomato mumsika, walipira minibasi kupita ndi kubwera, ndipo mawa alipiranso. Msonkho umene amadula pa shuga ndi pa mayunitsi a foni ndi womwe umalipira mwini jekete uja. Mzere ukatalika, pamatulukira wina wonong'ona kuti, "Mungopereka ya fanta, zitheka lero lomwe." Katangale wambiri amayambira pa kuchedwa kochita kupanga.

Atsogoleri akhala akuyesa. Mu 2014 Peter Mutharika anapatsa Saulos Chilima udindo wotsogolera kusintha kagwiridwe ka ntchito m'boma, ndipo mu 2020 Lazarus Chakwera anamupatsanso ntchito yomweyo. Komabe palibe lipoti limene lingakhazike munthu pampando ngati iye ndi anzake onse agwirizana kuti kusowa n'kuchenjera.

Ife ophunzira tisadzichotsemo. Pa asayimenti ya pagulu pamakhala mmodzi amene foni yake imazima sabata yonse, n'kudzayaka usiku womaliza ndi uthenga wakuti, "Musaiwale dzina langa." Timamuseka, ena timamutcha dolo, dzina timalembadi. Ameneyo ndi amene adzakhale nesi, injiniya kapena mkulu wa dipatimenti zaka zisanu zikubwerazi, ataphunzira kale kuti pali ena omusenzera katundu.

Sindikunena kuti munthu azingogwira ntchito atatseka pakamwa. Malipiro akachepa pali mabungwe a ogwira ntchito, pali kukambirana, pali sitalaka yovomerezeka ndi malamulo. Njira zimenezo zimachitika poyera ndipo zimalunjika kwa bwana. Kuzemba kumachitika mobisa, ndipo kumagwera mnzako wa pambali ndi munthu wa pamzere, amene sanakuchepetsere malipiro. Ngati takwiya, tiyeni mkwiyowo tizikaupereka kwa mwini wake.