Mmisiri wolumikiza fayiba ku Ngungu

Ntchito yanga ndi yolumikiza zingwe za fayiba, ndipo kwathu ndi ku Ngungu, moyandikana ndi Bwacha, m'tauni ya Kabwe. Bambo anga anachoka ku Katete kudzagwira ya njanji, poti kuno ndi kumene kuli likulu la Zambia Railways, koma ine ndinakopeka ndi mawaya a lamya. Ndinayambira pa mkuwa, nthawi imene kulumikiza kunali kusenda mawaya awiri, kuwapota ndi kuwakulunga. Masiku amenewo tauni inali itagwa mphwayi. Mgodi wa mtovu ndi zinki unatsekedwa mu 1994, chaka chomwenso bungwe la makalata ndi lamya la PTC linagawidwa kukhala Zamtel ndi Zampost, ndipo anzanga ambiri analowera ku Lusaka kukasaka ntchito. Ine ndinatsala, moti fayiba pobwera inandipeza pompano, manja atazolowera kale zingwe.

M'kati mwa chingwe chakuda chimene mumachiona pamapolo kapena m'ngalande muli timachubu ta pulasitiki, ndipo m'kachubu kalikonse mumakhala tiulusi ta galasi, kawirikawiri 12. Ukakasenda, kaulusi kamodzi n'konenepa mamaikironi 125, pafupifupi ngati tsitsi la munthu. Maikironi imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Koma kuwala sikuyenda m'galasi lonselo. Kumadutsa pakati penipeni, mu mtima wa mamaikironi 9 okha, ndipo m'menemo ndi momwe mumapita mawu a pafoni, ndalama zotumizirana, zotsatira za mayeso ndi mauthenga a WhatsApp.

Chingwe chimabwera chokulungidwa pa dramu, makilomita 2, 4, mwina 6. Kuchokera ku Lusaka kudzafika kuno ndi makilomita pafupifupi 140, ndiye werengani nokha kuchuluka kwa malo olumikiza. Ku fakitale chingwe amachiveka bwino: chikopa cholimba kunja, ulusi wachikasu wa aramid woti chisatamuke, mafuta kapena nsalu yotupa ikakhudza madzi, mwinanso chitsulo chotchinga mano a makoswe. Ife tikafika polumikiza timavula zonsezo mpaka galasi litsale lokha. N'chifukwa chake, kupatula chimene chadulidwa ndi okumba kapena akuba, chingwe sichifera pakati. Chimafera pamene munthu anachitsegula. Moyo wa netiweki uli pa malo olumikiza, m'bokosi limene timatsekeramo ndi pa konekita imene timalowetsa m'makina.

Anthu amatamanda amene anatulukira galasilo, ndipo n'zoyenera. Mu 1966, chaka chimene tauni yathu inasiya dzina la Broken Hill, Charles Kao ndi George Hockham ku England anasonyeza kuti galasi loyeretsedwa bwino likhoza kunyamula kuwala mtunda wautali. Mu 1970 Robert Maurer, Donald Keck ndi Peter Schultz a kampani ya Corning ku America anapanga galasi loterolo, ndipo Kao analandira mphoto ya Nobel mu 2009. Koma galasi limenelo silikanafika ku Ngungu pakanapanda anthu ena osatchuka, amene anathera nzeru zawo pa funso limodzi: mitima iwiri yaing'ono chonchi ungaikumanitse bwanji, n'kuisunga ili yokumana zaka zambiri, pamvula, padzuwa ndi pansi pa nthaka?

Njira yoyamba ndi yowotcherera. Ndimasenda kaulusi, kukapukuta ndi spiriti mpaka kalire pansalu, kenako kukadula ndi cleaver, kampeni kamene kamalemba galasi pang'ono n'kulithyola mowongoka. Nsonga ikapendekeka kupitirira digiri imodzi, ndimadulanso. Nsonga ziwirizo ndimazigoneka m'makina a splicer, ambiri ochokera ku Japan, a Fujikura kapena Sumitomo. Makinawo amayang'ana ndi timakamera, kuwongola mitima iwiri kuti iyang'anizane, kenako kamoto ka magetsi kamalumpha pakati pa timisomali tiwiri n'kusungunula galasi kukhala chinthu chimodzi. Polumikizidwa bwino pamatayika kuwala kochepa kwambiri, madesibelo 0.02 mpaka 0.05. Pomaliza ndimavekapo kachubu kokhala ndi kachitsulo m'kati, n'kukatenthetsa kuti kagwire. Tiulusi timatsatira mitundu yake mwandondomeko: buluu, olenji, girini, bulawuni, gireyi, woyera, wofiira, wakuda, wachikasu, vayoleti, pinki ndi aqua. Buluu amakumana ndi buluu. Ukasinthanitsa, banki imalandira za sukulu. Mu Ogasiti, mphepo ikamawomba fumbi, ntchito imeneyi ndimaigwirira m'galimoto mawindo atatsekedwa kapena m'katenti, ndipo sindithamanga. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Zowotchererazo zimafuna nyumba, ndipo nyumba yake ndi bokosi limene timalitcha closure. Limene ndimalikonda ndi la dome: zingwe zonse zimalowera kumodzi, pa tsinde, ndipo chivindikiro chachitali chimavala pamwamba, n'kumangidwa ndi lamba wotsekera, pakati pali mphira wozungulira. M'kati muli mathireyi osanjikizana otseguka ngati masamba, lililonse lonyamula zowotcherera 12 kapena 24. Makona a thireyi anawazunguliza dala, chifukwa galasi ukalipinda kwambiri kuwala kumathawira kunja. Lamulo lathu ndi loti kupindika kusachepere mamilimita 30 kuchokera pakati pa mkombero. Ndodo yolimbitsa chingwe imamangidwa pa chitsulo cha patsinde, kuti lole ikagwedeza nthaka kapena mphepo ikakoka chingwe, mphamvuyo ithere pachitsulo osafika pagalasi. Chilichonse mwa zimenezi chinabadwa chifukwa kwinakwake bokosi lina linalephera.

Nkhondo yaikulu ili pakhomo pamene chingwe chimalowera. Kuno mvula imayamba mu Novembala, ndipo pofika Januwale mamanhole ambiri amakhala odzaza madzi ndi matope mpaka m'kamwa. Madzi akakhala pa galasi losendedwa amakulitsa timing'alu tosaoneka, ndipo tsiku lina kaulusi kamangothyoka kokha. Kabowo kamodzi koiwalika n'kokwanira kuti nyerere zilowe n'kututiramo dothi mpaka thireyi kudzaza. Njira yakale yotsekera pakhomopo inachokera ku kampani ya Raychem, imene Paul Cook anayambitsa ku California mu 1957. Iwo anapanga pulasitiki yokumbukira msinkhu wake: amaifutukula ku fakitale, ndipo ukaitenthetsa imabwerera n'kukumbatira chingwe, guluu wa m'kati mwake atasungunuka n'kutseka mipata yonse. Mabokosi awo otchedwa FOSC, amene pambuyo pake anapita m'manja mwa kampani ya CommScope, anafalikira dziko lonse. Kutseka kotereku n'kolimba, koma kumafuna dzanja lodziwa. Uyenera kukwecha chikopa cha chingwe, kuchipukuta, kukulunga pepala la aluminiyamu loteteza, kenako kutenthetsa mozungulira kuyambira kutsinde. Moto ukachepa madzi adzalowa, ukachuluka timachubu ta m'kati tisungunuka.

Kenako kunabwera mabokosi otseka ndi jelo, osafuna moto. Chingwe chimadutsa m'chigamba cha jelo wofewa, ukamanga chomangira jeloyo amafinyika n'kudzaza mpata wonse, kaya chingwe n'chachikulu kaya n'chaching'ono. Kwa ife amene timagwira ntchito kutchire usiku, kopanda malaiti, ichi chinali chipulumutso: palibenso kunyamula jenereta chifukwa cha chotenthetsera, ndipo bokosi ukhoza kulitsegula mawa, kuwonjezera chingwe cha kasitomala watsopano, n'kulitsekanso osadula kanthu. Komabe kaya ndatseka ndi moto kaya ndi jelo, sindikhulupirira maso okha. Ndimapopera mpweya pang'ono pa valavu, n'kupaka thovu la sopo kuzungulira pakhomo ndi pa mphira. Pakatuluka kathovu, ndiye kuti chilembo cha IP68 chimene chili pabokosipo, cholonjeza kuti fumbi ndi madzi sizilowa, sichinakwaniritsidwe, ndipo ndimayambiranso.

Kumapeto kwa chingwe, m'chipinda cha makina kapena m'nyumba ya munthu, sitiwotcherera. Pamafunika chinthu chozula ndi kubwezera, ndicho konekita. Mtima wake ndi kandodo koyera ka seramiki ya zirconia, koboola pakati ndi bowo lokwana kaulusi ndendende. Akale amene ndimawapezabe m'maofesi ena ndi FC, wa kampani ya NTT ya ku Japan, womanga ndi mazinga, ndi ST wa AT&T, wokankha n'kupotoza. M'zaka za m'ma 1980 NTT inatulutsanso SC, wa makona anayi, wongokankha mpaka alire, kandodo kake ka mamilimita 2.5. M'ma 1990 Lucent inabweretsa LC, wa mamilimita 1.25, ndipo pamalo amodzimodziwo panayamba kukwana makonekita owirikiza kawiri. Nsonga ya kandodoko amaipukuta mozungulira pang'ono kuti mitima iwiri igundane popanda mpweya pakati, chifukwa pamene galasi lakumana ndi mpweya, kuwala pafupifupi 4 peresenti kumabwerera kumbuyo. Konekita wa buluu ali ndi nsonga yowongoka. Wa girini ananoledwa mopendekera madigiri 8, kuti kuwala kobwerera kuphonye njira n'kuthera m'mbali. Awiriwa sakwatirana. Ukawakakamiza, nsonga zonse ziwiri zimakalika.

Izi zimachitika kawirikawiri m'makomboni mwathu. Mayi wina wa saluni ku Chimanimani anandiitana nkhope itagwa.

"Abambo, intaneti yanga yafa. Mwana anakoka kachingwe, ndiye ndinagula kena kumsika, koma sikakugwira."

"Pepani amayi, tandionetsani kakale kaja. Mwaona? Aka n'kagirini, mwagulaka n'kabuluu. Musadandaule, sinali ntchito yanu kudziwa zimenezi. Koma tsiku lina mukadzazula, musakhudze kunsonga ndi chala, ndipo musasuzumiremo."

Kusasuzumira ndi nkhani ya maso: kuwala kwa m'fayiba, kwa mananomita 1310 kapena 1550, sikuoneka, koma kumatha kuvulaza diso. Kusakhudza ndi nkhani ya litsiro. Kachitsotso kosaoneka n'kokwanira kuphimba mtima wa mamaikironi 9, ndipo ukalowetsa konekita ali wakuda, kachitsotsoko kamaswekera pagalasi n'kusiya chipsera. Ndiye ndimayamba ndayang'ana nsonga ndi kamera yokulitsa, kupukuta, kuyang'ananso, kenako kulowetsa. Fumbi la ku Kabwe lili ndi vuto linanso. Ku Kasanda, ku Chowa ndi ku Makululu, pafupi ndi mgodi wakale, dothi lili ndi mtovu umene umawononga ubongo wa ana. Tikamakumba kapena kutsegula mamanhole kumeneko, anyamata anga amavala zophimba kumphuno, amasamba m'manja asanadye, ndipo maovolosi salowa nawo m'nyumba mogona ana.

Zatsopano zikubwerabe, ndipo zambiri cholinga chake n'chochepetsa ntchito ya pamwamba pa polo. Pali mabokosi ofika atalumikizidwa kale ku fakitale, okhala ndi zitseko za makonekita olimba osaopa mvula: umangomasula chotsekera, kulowetsa chingwe cha kunyumba, n'kumanga. Pali galasi la mtundu wa G.657 lopirira kupindika, loyenera makona a nyumba zathu. Ndimazilandira ndi manja awiri. Chimene chimandiwawa ndi mabokosi otchipa ofanana ndi enieni pamaso. Pulasitiki yake dzuwa la Okutobala limaiphika, ikayera n'kuyamba kusweka, mphira wake amauma, ndipo mvula yachiwiri isanathe madzi amakhala ali m'kati. Wogula amasangalala kuti wapulumutsa makwacha ochepa, osawerengera mafuta a galimoto, malipiro a anthu ogwira usiku ndi makasitomala othawa.

Anthu ambiri sadziwa kulemera kwa zimene zimadutsa pansi pa mapazi awo. Zambia ilibe nyanja yamchere, choncho intaneti yathu imachokera ku zingwe za pansi pa nyanja kudzera m'maiko oyandikana nawo: SEACOM ya 2009 ndi EASSy ya 2010 kum'mawa, zofika pa Dar es Salaam, ndi WACS ya 2012 kumadzulo, yofika ku Namibia. Kabwe ili pakati pa njira, pamsewu wa Great North Road, ndipo zingwe za Zamtel, za Liquid ndi za ZESCO, zimene zina zili m'kati mwa waya wapamwamba pa nsanja za magetsi, zimalumikiza Lusaka ndi Kapiri Mposhi, Copperbelt ndi Nakonde. Chingwe chachikulu chikaduka, mtsikana wa m'kabuthu ka mobile money amangokhala manja m'masaya, makina a kubanki amakana, ophunzira a ku mayunivesite a Mulungushi ndi Kwame Nkrumah amalephera kutumiza ntchito zawo. Pamenepo timatulutsa OTDR, makina oponya kuwala m'chingwe n'kuyeza kobwerera, ndipo amatiuza mtunda wa pamene paduka. Nthawi zambiri timapeza ngalande ya munthu amene anakumba osafunsa, kapena chingwe chodulidwa ndi wakuba wofuna mkuwa. M'fayiba mulibe mkuwa woti n'kugulitsa. Wakubayo amachitaya m'tchire, ife n'kuwonjezera mabokosi awiri pamene panalibe ngakhale limodzi, ndipo chingwecho chimakhala ndi malo awiri atsopano ofooka kwa moyo wake wonse.

Achinyamata amene ndimawaphunzitsa amafuna kuthamangira ku splicer, chifukwa ndi yowala ndipo ili ndi sikirini. Ine ndimawayambitsa pa bokosi. Aphunzire kusenda chingwe osakala kachubu, kusiya utali wokwanira wokulungidwa bwino m'manhole kuti wobwera pambuyo adzathe kutulutsa bokosi n'kuligwirira pabwino, kulemba pa thireyi lililonse kumene tiulusi tikuchokera ndi kumene tikupita, kutseka mabowo osagwiritsidwa ntchito, ndi kutolera tizidutswa ta galasi m'kabotolo, chifukwa kakalowa m'khungu kapena m'chakudya sikaoneka. Ndimawauza kuti bwana sadzatsika m'manhole kukaona mmene watsekera, kasitomalanso sadzaona. Bokosi lotsekedwa mwaulesi limagwira ntchito tsiku loyamba chimodzimodzi ndi lotsekedwa mosamala, ndipo kusiyana kwake kumadzaonekera patapita madzinja angapo, mwina iwe utasamuka kale.

N'chifukwa chake ndimapempha zinthu zitatu. Okumba ngalande, maziko ndi misewu azifunsa kaye eni zingwe, ndipo akaona tepi yochenjeza m'dothi aziima. Ogula zipangizo asamaumire pa bokosi ndi konekita, poti mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi ndalama zokumbira ndi kuyala chingwe. Ndipo makampani aziphunzitsa ndi kulemba ntchito ana a pompano, a ku Ngungu, Bwacha ndi Katondo, amene amadziwa manhole amene amasefukira, amene angafike pachodukacho usiku womwewo, ndiponso amene abale awo ndiwo amavutika netiweki ikatha.