Wosonkhanitsa Njinga Zakale za BMX

Chinthu chilichonse chopangidwa ndi manja a munthu chimakhala ndi ntchito yake. Khasu ndi lolimira, bwato ndi lowolokera, ndipo njinga ndi yokwera. Komabe chinthu chikakhalitsa n'kuyamba kusowa, anthu amachiona ndi maso ena. Amachipukuta, amachiika pamalo abwino, mwinanso kuchita mantha kuchikhudza. Apa m'pamene pamabuka funso lovuta: kodi chinthu chamtengo wapatali tichiteteze pochisunga, kapena tichilemekeze pochigwiritsa ntchito imene adachipangira? Funso limeneli lidasautsa kwa nthawi yaitali bambo wina wa mumzinda wa Long Beach, m'chigawo cha California ku America, amene amasonkhanitsa njinga zakale za mtundu wa BMX.

BMX ndi chidule cha mawu a Chingerezi otanthauza mpikisano wa njinga zakapalasa wotsanzira uja wa njinga zamoto wochitikira m'njira zafumbi. Njinga yake ndi yaifupi, ya matayala a mainchesi 20, ya giya imodzi, ndiponso ya chiwongolero chokwera chokhala ndi chitsulo chopingasa pakati. Ilibe kaliyala, ilibe belu, ilibenso madigadi. Sadaipangire kunyamula katundu kapena kuyenda ulendo wautali, koma kuthamanga, kudumpha zitunda ndi kukhota mwadzidzidzi.

Bamboyu adabadwa pa nthawi imene masewerawa ankayamba kumene, komanso m'dera lomwelo limene adayambira. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ana a kumwera kwa California ankasirira akuluakulu othamanga pa njinga zamoto. Popeza sakadatha kugula njinga zoterozo, adatenga tinjinga tawo ta Schwinn Sting-Ray, timene tidatuluka m'chaka cha 1963, nayamba kupikisana pa malo opanda nyumba. M'chaka cha 1970 mnyamata wina, Scot Breithaupt, adayamba kukonza mipikisano yotereyi ku Long Beach komweko. Chaka chotsatira, filimu ya Bruce Brown yotchedwa On Any Sunday idaonetsa ana akuthamanga pa fumbi ndi tinjinga timeneti, ndipo ana a m'madera ena adayamba kutsanzira.

Posakhalitsa padabadwa makampani opanga njinga za masewera okhaokhawa. Skip Hess adayambitsa kampani ya njinga za Mongoose mu 1974. Breithaupt adatsegula SE Racing mu 1977, ndipo Gary Turner ndi Richard Long adakhazikitsa GT mu 1979. M'chaka cha 1982 Bob Haro adatulutsa Haro Freestyler, njinga yochitira maluso osiyanasiyana m'malo mothamangira. Chaka chomwecho filimu ya E.T. idaonetsa mwana akuuluka pa njinga ya Kuwahara yopangidwa ku Japan, pamene ku Britain kampani ya Raleigh idatulutsa njinga yotchedwa Burner. Motero masewera amene adayamba ndi ana a m'dera limodzi adafalikira kutsidya kwa nyanja.

Pa njinga zonsezi, imene idamudya moyo bamboyu ali mnyamata inali PK Ripper ya SE Racing. Njingayi idatuluka mu 1979, inali ya felemu ya aluminiyamu, ndipo dzina lake lidachokera kwa katswiri wothamanga, Perry Kramer. Makolo ake sadali opeza bwino. Adamugulira njinga yotsika mtengo ya m'sitolo wamba, yolemera ngati mtondo, imene adaikwera mpaka felemu yake adaiwotcherera kawiri. PK Ripper ankangoiona kwa anzake ndi m'magazini ya BMX Action, ndipo chithunzi chake adachidula n'kuchimata pakhoma la chipinda chake. Njala ya chinthu chimene mwana adachilakalaka koma osachipeza siitha msanga. Imagona mumtima zaka zambiri, n'kudzadzuka munthu atamera imvi.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 changu cha BMX chidazirala. Achinyamata ambiri adatembenukira ku njinga zikuluzikulu zokwerera mapiri, ena adakula n'kugula magalimoto. Njinga zambiri zidatayidwa kudzala, zina zidachita dzimbiri m'magalaja. Mnyamata uja nayenso adakula, adapeza ntchito, adamanga banja, ndipo zanjinga adaziiwala. Koma atapitirira zaka 40, adaona felemu ya PK Ripper ikugulitsidwa pamsika wa zinthu zakale. Inali yopanda matayala, yopanda chishalo, utoto wake utasuluka. Adaigula osanenerera mtengo.

Pamenepo m'pamene idayambira ntchito yofuna kudekha. Wosonkhanitsa weniweni safuna kuika chitsulo chatsopano pa felemu yakale. Amafuna kuti foloko, mabuleki, mapedulo ndi chishalo zikhale za nthawi yomweyo imene njingayo idapangidwa. Bamboyu adatha zaka akufunafuna pa intaneti ndi m'misonkhano ya anzake osonkhanitsa. Adapeza magudumu a Skyway opangidwa ndi pulasitiki yolimba, okhala ndi masipoko asanu okha akuluakulu. Adapezanso zitsulo zopalasira za Redline. Adaphunzira kuwerenga nambala imene opanga amadinda pa felemu, chifukwa kawirikawiri ndiyo imathandiza kudziwa nthawi imene njingayo idapangidwa. Phunziro limeneli n'lofunika, pakuti pamene pali ndalama sipalephera akamberembere. Ena amapaka utoto felemu wamba n'kumatapo dzina la kampani yotchuka. Akuluakulu adanena kale kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Njinga yoyamba itatha, idabwera yachiwiri, kenaka yachitatu, mpaka galaja idadzaza. Pakati pa osonkhanitsa pali magulu awiri. Ena amakonda kukonza njinga kuti ioneke ngati yangotuluka kumene m'sitolo. Ena amaisiya ndi utoto wake woyamba ndi zipsera zake zonse, ponena kuti utoto watsopano munthu atha kupaka tsiku lililonse, koma woyamba ukachoka wachokeratu. Bamboyu adayamba ndi gulu loyamba, koma pang'onopang'ono adasamukira ku lachiwiri. Adazindikira kuti kukalika kwa pachiwongolero ndi kuperepeseka kwa chishalo ndi umboni wakuti mwana wina, kwinakwake, adasangalala ndi njingayo.

Ngakhale zinali choncho, iye mwini sankakwera njinga zakezo. Adazipachika pakhoma mwandondomeko, nazipukuta Loweruka lililonse. Zifukwa zake zinali zomveka. Chitsulo chimatopa, makamaka aluminiyamu, ndipo felemu ya zaka 40 itha kung'aluka pamalo owotcherera munthu akadumpha nayo. Matayala akale amauma n'kuchita ming'alu. Mabuleki a nthawi imeneyo sagwira ngati a masiku ano. Kuwonjezera apo, njinga yokalika mtengo wake umatsika, ndipo chitsulo chikathyoka china chofanana nacho sichipezeka mwachangu. Thupi lake nalonso silinali la mnyamata. Mawondo ankawawa, ndipo ankadziwa kuti fupa la munthu wamkulu likathyoka limachedwa kulumikizana.

Tsiku lina mwana wa m'nyumba yoyandikana nayo adasuzumira m'galajamo. Adayang'ana njinga zonse zija kwa kanthawi, kenaka adafunsa kuti, “Bambo, kodi njinga zimenezi zimayenda?” Funso la mwanalo lidamulasa mtima. Adakumbukira kuti chimene ankasirira ali mnyamata sichinali kukhala ndi PK Ripper pakhoma, popeza chithunzi chake pakhoma adali nacho kale. Ankasirira kuikwera. Zaka zonsezi adangosintha chithunzi chapepala n'kuikapo chachitsulo.

Kuchokera pamenepo adasintha kachitidwe kake, koma mosamala. Njinga ziwiri zosowa kwambiri adazisiya pakhoma kuti zikhale chikumbutso. Zotsalazo adaziika matayala atsopano ndi mabuleki odalirika, zakalezo n'kuzisunga m'bokosi. Asanakwere amayamba wayang'anitsitsa malo onse owotcherera, ndipo amavala chisoti choteteza mutu. Sadumpha zitunda zazitali ngati kale. Amangopalasa m'mbali mwa nyanja pamodzi ndi anzake a msinkhu wake. Ena mwa iwo amakwera njinga za mtundu womwewu koma za matayala a mainchesi 24 kapena 26, zimene zimayenerera bwino munthu wamkulu. PK Ripper ija idakalika pang'ono m'mwezi woyamba womwewo. Mtengo wake udatsika ndithu, koma mwini wake sadadandaule.

Masewera a BMX sadafe. Mpikisano woyamba wa dziko lonse udachitikira ku Dayton, m'chigawo cha Ohio, mu 1982. M'chaka cha 2008 BMX idalowa m'masewera a Olimpiki ku Beijing, kumene Māris Štrombergs wa ku Latvia ndi Anne-Caroline Chausson wa ku France adapambana. Gawo la maluso lidalowa m'masewera a ku Tokyo amene adachitika mu 2021. Achinyamata amene amaonera akatswiri otere ambiri sadziwa kumene zidachokera. Akaona bambo wa imvi akupalasa kanjinga ka magudumu apulasitiki, amaima n'kufunsa mafunso, ndipo iye amawafotokozera za ana a ku California amene adayamba ndi malo afumbi. Nthawi zina amawabwereka kuti alaweko. Njinga yopachikidwa m'galaja yotseka sikadaphunzitsa mwana ndi mmodzi yemwe.

Madzi akatayika sawoleka, ndipo unyamata ukapita subwerera ngakhale munthu atagula njinga zana limodzi. Bamboyu amadziwa zimenezi. Amadziwanso kuti tsiku lina felemu ina idzang'aluka, ndipo sipadzakhala mmisiri woibwezera mwakale. Adavomera kutaya kumeneku ndi mtima umodzi, poona kuti dzimbiri ndi kuiwalika zimawononganso njinga imene palibe akuikwera. Kusunga zinthu zakale ndi ntchito yotamandika, pakuti mbadwo wosadziwa kumene udachokera umasochera. Koma wosunga wanzeru amasiyanitsa chimene chiyenera kukhala pakhoma ndi chimene chiyenera kubwerera pamsewu, ndipo salola kuti mantha otaya chuma amulande chisangalalo chimene chuma chomwecho chidapangidwira.